UMBONI WANGA: TSIKU LIMENE NDINAPEPESA MWANA WA ZAKA 14 KU ENGLAND

Lero ndalemba zambiri, ndiye pezani pokhala, muwerenge mpaka kumapeto.

Lamlungu lapitali titaweruka, achinyamata atatu ananditsatira ku ofesi, aliyense pasipoti m'manja, kuti ndiwapempherere. Ndinapemphera nawo ndi mtima wonse, ndipo ndikukhulupirira kuti Mulungu awatsegulira makomo. Koma usiku tulo sitinabwere. Amayi busa anandifunsa kuti, "Abambo, ana aja mwawauza zonse, kapena mwangowauza mbali yokoma yokha?" Funso limenelo landisowetsa mtendere sabata yonseyi. Ambiri mumadziwa kuti ndinakhalapo ku England. Chimene simudziwa n'chakuti miyezi itatu yoyamba ndinatsala pang'ono kubwerera kumudzi chimanjamanja, manyazi ali tho. Lero ndinena zonse.

Ndisanakhale m'busa ndinali mphunzitsi wa masamu. Ndinaphunzira ku Chancellor College ku Zomba, kenako ndinaphunzitsa pa sekondale ina kwa zaka 8. Inu amene munakula nthawi imeneyo mukudziwa kuti mphunzitsi anali munthu. Ndikalowa m'kalasi ana onse ankaimirira. Mwana akamandipatsa kope ankagwira ndi manja awiri, atsikana n'kunyonyomala. Pa maliro ankandipezera mpando anthu ena atakhala pansi. Makolo ankabwera ndi nkhuku, ena mbatata. Ndalama zinali zochepa, koma ulemu ndinkadya tsiku lililonse, ndipo sindinkadziwa kuti ndinazolowera ngati mchere mu ndiwo. Kutchalitchi ndinali mkulu wa mpingo, ndinkalalikira anthu n'kumagwa. Ndinkadziona kuti ndine wodzichepetsa. Abale, munthu sangadziwe ngati ali wodzichepetsa pamene aliyense akumugwadira.

Mu 2005 sukulu za ku England zinkasowa aphunzitsi a masamu ndi sayansi, ndipo zinkalemba aphunzitsi ochokera m'mayiko ena. Ndinalemba kalata kudzera ku ajensi ina, anandifunsa mafunso pa foni, chilolezo chogwirira ntchito chinatuluka. Nthawi imeneyo paundi imodzi inali yoposa K200. Ndinatenga pensulo n'kuchulukitsa malipiro aja, ine mwini wake wa masamu, mutu unazungulira. Ndinaona nyumba ya malata, ndinaona galimoto, ndinaona chigayo. Kuchotsera ndiye ndinaiwala. Alamu anga anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti andibwereke ya tikiti. Pa mapemphero onditsanzika, m'bale wina ananenera kuti ndikupita kukabweza uthenga ku Britain, dziko limene linatitumizira David Livingstone amene anafika pa nyanja yathu mu 1859. Mpingo unafuula, ine mapewa m'mwamba. Ndinakwera ndege ndikudziona ngati mmishonale.

Ndinatera pa Heathrow kumapeto kwa Ogasiti, n'kukwera basi yopita ku Manchester. Anthu ankati ino ndi nyengo yotentha, ena atavala makabudula, ine ndili m'jekete ndikunjenjemera ngati Juni wa ku Dedza. M'basimo ndinakhala moyandikana ndi bambo wina. Ndinamupatsa moni bwinobwino monga tinaleredwera, ndikuyembekeza kuti tifunsana za kunyumba. Anangomwetulira pang'ono, n'kubwezera maso pa nyuzipepala. Ulendo wonse wa maola angapo sitinayankhulanenso. Kwathu kuno mukakwera basi pa Wenela, pofika pa Zalewa mwadziwana kale mpaka mwagawana chimanga chootcha.

Moni wawo ndiye unandisokoneza zedi. Kumeneko munthu akamakudutsa amati, "You alright?" Ine ndinkaima n'kuyamba kufotokoza kuti ndili bwino pang'ono kungoti chimfine, komanso kunyumba ndasiya ana. Potukula maso, munthu uja ali patali kale. Patapita masabata ndi pamene ndinazindikira kuti si funso ayi, ndi moni chabe, ndipo yankho lake ndi kubwereza mawu omwewo.

Ndinapeza kachipinda kam'mwamba m'nyumba zija za njerwa zofiira zogundizana, msewu wonse nyumba zofanana ngati mapasa. Tsiku lachiwiri ndinalimbana ndi loko wa nyumba ya eni ake. Koma chimene chinandiopsa kwambiri ndi chete. Kunalibe tambala, kunalibe wailesi ya aneba, kunalibe mwana wolira kapena mayi woitana mnzake kuti abwereke moto. Unkatha kumva mtima wako ukugunda. Masabata atatu ndinakhala osalawa nsima, kumangodya buledi ndi mbatatesi, kugona ngati sunadye. Tsiku limene ndinapeza ufa mu shopu ya amwenye a ku Pakistan, ndinaphika ndi supuni chifukwa mthiko ndinalibe. Inatuluka ya mibulu, koma ndinadya misozi ikugwera m'mbale. Musaseke, bambo wamkulu kulirira nsima. Zikadzakuchitikirani mudzandikumbukira.

Tsopano kusukulu. Ahedi anali mayi, wamng'ono kwa ine, ndipo anandiuza kuti ndizimutchula dzina lake loyamba. Lilime linakana. Akamandiyankhula ndinkayang'ana pansi, chifukwa kwathu umenewo ndiye ulemu. Pambuyo pake mnzanga wina anandinong'oneza kuti kumeneko munthu wothawitsa maso amaoneka ngati akubisa kanthu. Taonani abale, ulemu wanga weniweni unkawerengedwa ngati chinyengo. Ndipo ana akamandiyang'ana m'maso gwa, ine ndinkati ndi mwano, pamene iwo anaphunzitsidwa kuti kumeneko ndiye kumvetsera.

Kalasi nditaiona ndinati Ambuye mwandikonda. Ana 30 okha, aliyense desiki yake, buku lake, kakyuleta yake, makope aulere, chipinda chofunda. Ine ndinachokera kumene ana 80 amapanikizana, buku limodzi ana asanu, choko chikatha n'kumalemba ndi kachidutswa kosagwirika. Ndinati kuno ndiye ndiphunzitsa ngati mngelo.

Phunziro loyamba linali la Year 9, ana a zaka 13 ndi 14. Ndinalowa nditatchena suti, n'kuima kutsogolo kudikira kuti aimirire. Palibe anaimirira. Palibe ngakhale anasiya kucheza. Ndinakweza mawu, "Good morning class!" Kalasi yonse inaphulika ndi kuseka. Wina anabwereza mawu anga motsanzira kayankhulidwe kanga, ena n'kumagunda madesiki. Wina anafunsa ngati kwathu timagona ndi mikango. Ndipo chomvetsa chisoni, Chingerezi chawo cha ku Manchester ine sindinkachimva. Ine amene ndinakhoza bwino Chingerezi pa MSCE, amene ndinkamasulira azungu akabwera kutchalitchi, ndinkangomva ngati anthu akuyankhula madzi ali m'kamwa. Iwo osandimva, ine osawamva. Mphindi 60 zinatha ndisanalembe samu ngakhale imodzi yomveka.

Mwina mukuti, bwanji osawalanga? Kumeneko chikwapu chinaletsedwa m'sukulu za boma kuyambira 1987. Kulibe zoti katchetche, kakolope, kakumbe dzenje. Chilango chawo amati detention, kumusunga mwana ena akaweruka. Koma womusunga ndiwe wemwe, ndiye wolangidwa ndani pamenepo? Ndinaona ana akung'amba mapepala a makope atsopano n'kumagendana, ndinaona chakudya chikutayidwa m'bini pa nkhomaliro, mtima wanga unayamba kuwawa. Ndinayamba kudana nawo ana amenewo. Ndikunena poyera, ine mkulu wa mpingo ndinkadana ndi ana a eni. M'mapemphero ndinkawatchula m'badwo wotayika.

Kumapeto kwa Okutobala anabweza mawotchi ndi ola limodzi, monga amachitira chaka chilichonse, ndipo mdima unayamba kugwa msanga. Pofika Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Ndinkachoka kunyumba kuli mdima, kubwerako kuli mdima, mvula yowaza yosatha, kuzizira kolowa m'mafupa. Ndipo mukumbukira kuti 2005 chinali chaka cha njala kuno kwathu. Mvula inadula, ndipo mu Okutobala Pulezidenti Bingu wa Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Nthawi imeneyo kunalibe WhatsApp, tinkagula makhadi oimbira foni kunja. Ndikaimba, mphindi zonse zinkathera pa mndandanda: chimanga chatha, anthu akugona pa mzere pa misika, fizi ya ana, feteleza, ngongole ya alamu. Palibe anafunsa kuti kodi inuyo mukugona bwanji. Sindikuwadzudzula, njala ilibe manyazi, ndiponso ine ndi amene ndinawauza kuti zonse zili bwino.

Malipiro atabwera ndinaphunzira masamu ochotsera aja ndinawaiwala. Msonkho, National Insurance, lendi, council tax, magetsi, gasi wotenthetsera nyumba, basi. Zotsala ndinkatumiza pafupifupi zonse, ine n'kumazimitsa hita, kugona nditavala jekete ndi masokosi awiri. Koma tamverani tchimo langa. Loweruka lina ndinavala suti, n'kukaima pambali pa galimoto ya aneba, ndinapempha munthu wodutsa kuti andijambule. Chithunzi chimenecho ndinachitumiza kumudzi, ndipo chinazungulira mpingo wonse. Anthu anayamika Mulungu chifukwa cha bodza langa. Mpaka lero pali ena amene anayamba kulakalaka kunja chifukwa cha chithunzi chimenecho. Mundikhululukire.

Za kutchalitchi nazo zinali zina. Lamlungu loyamba ndinaona nyumba yaikulu yamiyala yokhala ndi nsanja, ndinathamangira, n'kupeza akugulitsamo makapeti. Ina anaisandutsa nyumba zogonamo. Pomaliza ndinapeza katchalitchi kakang'ono pafupi ndi kumene ndinkakhala. Munali anthu 14, pafupifupi onse a imvi. Kunalibe ng'oma, kunalibe kuomba m'manja, kunalibe wofuula Ameni. Ola limodzi lokha, basi tatha, tiyeni timwe tiyi. Mumtima ndinati awa ndi mafupa owuma aja a pa Ezekieli 37, ndipo Mulungu wandituma ine kuti ndidzawadzutse. Kunyada kumavala suti ya uzimu, abale.

Tsiku limene zonse zinagwa linali Lachinayi mu Novembala, piriyodi yomaliza. M'mawa wake ndinali nditamva kuti mayi anga akudya mango owiritsa, ufa unatha. M'kalasi ija ya Year 9 munali mnyamata wina wa zaka 14, sinditchula dzina lake. Ankakhala kumbuyo, nthawi zambiri mutu uli pa desiki, akugona. Tsiku limenelo ndinamudzutsa mwaukali. Anadzuka, anang'amba tsamba la buku, n'kuliponya pansi. Nditamukalipira anandiyankha ndi mawu otukwana amene sindingalembe pano, n'kunyamuka kuti azituluka. Magazi anandithamangira kumutu. Ndinamugwira pa mkono mwamphamvu n'kumukokera m'kati. Kalasi yonse inati zii, koyamba chibwerereni. Mnyamata uja anandiyang'ana n'kunena kuti, "You can't touch me." Pa mkono pake panatsala zizindikiro za zala zanga.

M'mawa mwake ahedi anandiitana. Anayankhula mofatsa, koma mawu ake anali olemera. Anati nkhani yogwira mwana mwaukali ndi yaikulu, iyenera kufufuzidwa, ndipo ndikhale kaye kunyumba mpaka adzandiitane. Mvetsani bwino apa. Chilolezo changa chinali chomangirira pa sukulu imeneyo. Ntchito ikatha, chilolezo chatha, ndikwere ndege. Ndikafike kumudzi m'chaka cha njala, ng'ombe za alamu zitapita, mpingo utandiperekeza ndi nyimbo. Amayi busa okha ndi amene ndinawauza. Analira pa foni mpaka khadi linatha.

Ndinatseka chitseko n'kuyamba kusala. Masiku atatu ndinamanga ziwanda, ndinadzudzula mzimu wa kusamvera, ndinaitana moto pa adani anga, ndipo mdani wamkulu m'mutu mwanga anali mwana wa zaka 14. Kumwamba kunali chete ngati msewu wa kunja kuja. Usiku wachitatu, nditatopa, nditagona chafufumimba pa kapeti, funso linabwera mumtima mwanga, lofatsa koma lakuthwa: mwana amene ukumuitanira motoyu, ukudziwa chifukwa chake amagona m'kalasi? Ndinalibe yankho. Miyezi itatu ndinali naye, sindinamufunsepo. Ndinkangofuna andiimirire.

Lamlungu ndinapita ku katchalitchi kaja chifukwa chosowa kolowera. Titatha, gogo wina wamkazi amene ankakhala kutsogolo kwanga anandigwira dzanja n'kunena kuti nkhope yanga sinali bwino, ndipite kwawo madzulo ku "tea". Ine ndinadya kaye buledi kunyumba poganiza kuti ndikukamwa tiyi chabe. Ndinakapeza mbale yodzaza, nyama, mbatatesi, ndiwo zamasamba. Kumpoto kwa England chakudya chamadzulo ndiye amachitcha choncho. Safunsa anadya phula, ine ndinadya kawiri.

Agogo aja, kunapezeka kuti anaphunzitsa zaka zoposa 30 asanapume. Ndinawafotokozera zonse, ndikuyembekeza kuti anena kuti ana a masiku ano ndi osaleredwa. Sanatero. Anandiuza mosazungulira kuti ndinalakwa. Kenako ananena mawu amene ndawasunga mpaka lero. Anati kwanuko zikuoneka kuti mwana amabwera ndi ulemu kuchokera kunyumba n'kudzakupatsani pakhomo la kalasi. Kuno ayi. Kuno ana ambiri akuluakulu anawakhumudwitsa kale, ndiye amayamba akuyesani kuti aone ngati nanunso muthawe. Ulemu mumachita kuulima, mwana mmodzimmodzi. Anandilangiza kuti pa msonkhano ndisadziteteze ndi chikhalidwe cha kwathu, ndinene zoona basi, ndipo ndipite ndi munthu wondiperekeza.

Pamene ndinkatsanzika anatsegula kabati n'kundionetsa envelopu. Anati anthu a m'katchalitchi kaja ataona za njala ya ku Malawi pa TV, anayamba kusonkha kuchokera pa penshoni zawo, ndipo Lachitatu lililonse amakumana kupempherera dziko lathu, makamaka chibwerereni ine. Abale, ndinafuna nthaka itseguke. Anthu amene ndinkawatcha mafupa owuma ankapempherera mayi anga, ine ndikuwaweruza chifukwa saomba m'manja. Anandipatsanso chijasi cha malemu amuna awo. Ndinavala chijasi chimenecho zaka zinayi.

Patatha masiku 9 anandiitana. Ndinanena zoona, kuti ndinakwiya ndipo ndinamugwira mwamphamvu. Kunapezeka kuti mtsikana wina wa m'kalasi momwemo, mmodzi mwa amene ankandiseka kwambiri, analemba zonse mwachilungamo, kuti sindinamumenye ndiponso kuti kalasi yonse inakhala ikundizunza kuyambira tsiku loyamba. Anandipatsa chenjezo lolemba, n'kundipatsa mphunzitsi wamkulu woti azindithandiza. Ntchito inapulumuka. Haleluya! Koma panali chinthu chimodzi chotsala: kukumana ndi mnyamata uja.

Tisanakumane, mayi amene ankayang'anira za umoyo wa ana anandiuza pang'ono chabe zimene zinali zololedwa kuti ndidziwe. Mwana uja bambo ake kunalibe. Mayi ake anali odwala, osatha kudzuka masiku ena. Iye ndi amene ankaphikira azing'ono ake awiri, kuwasambitsa, kuwaperekeza kusukulu, usiku n'kumadzuka kuyang'anira mayi ake. M'kalasi mwanga ndi mmene munali mofunda ndi mopanda womuitana. Ine ndinkaganiza kuti ku Ulaya kulibe wosauka chifukwa aliyense ali ndi nsapato. Ndinali ndikulirira mayi anga a ku Malawi, osadziwa kuti kumbuyo kwa kalasi yanga kuli mwana amene akusenza mayi ake yekha. Tonse awiri tinali ndi katundu mmodzi, ndipo ine wamkulu ndi amene ndinagwira mnzanga pa mkono.

Tsopano kupepesa. Inu Amalawi anzanga mukudziwa kuti kwathu wamkulu salakwa. Bambo akalakwira mwana amangomugulira Fanta, nkhani yatha. Mphunzitsi kupepesa mwana wa sukulu, ine ndinali ndisanaonepo chibadwire. Usiku wonse ndinalimbana ndi Mulungu. Ndinati Ambuye, mwana uja ndi amene anayamba kutukwana. Koma pa Yohane 13 pamene ndinatsegula, ndinapeza Mphunzitsi wa aphunzitsi onse atagwada pansi ndi beseni, akusambitsa mapazi a ophunzira ake, kuphatikizapo amene anali atakonza kale zomupereka. Ndimeyo ndinali nditailalikira kambirimbiri. Ndinali ndisanaichitepo.

Tinakhala m'kachipinda, ine, iye, ndi mayi uja. Ndinamuyang'ana m'maso, monga mwa chikhalidwe chawo, ndinamutchula dzina, n'kumuuza kuti ndinalakwa kumugwira, ndinalibe ufulu umenewo, ndipo ndikupepesa. Mukuganiza kuti analira n'kundikumbatira? Ayi ndithu. Anangokweza mapewa n'kunena kuti, "Whatever." Ndinatuluka ndikumva ngati andivula zovala pa msika. Koma ndikukuuzani, china chake chinathyoka tsiku limenelo, ndipo sichinathyoke mwa mwanayo. Chinathyoka mwa ine.

Kuyambira pamenepo ndinasintha kaphunzitsidwe. Ndinasiya kuima kutsogolo kudikira ulemu, ndinayamba kuima pakhomo kulonjera mwana aliyense ndi dzina lake. Ndinaphunzira kuyankhula pang'onopang'ono. Ndinawauza kuti inu mundiphunzitse Chingerezi cha ku Manchester, ine ndikuphunzitsani algebra, ndipo akandiseka ndinkaseka nawo. Agogo aja anandiphunzitsa kuimbira makolo foni mwana akachita bwino, osati akalakwa pokha. Mayi wina anangoti kakasi pa foni, anati aka n'koyamba sukulu kumuimbira ndi nkhani yabwino. Kulalikira m'kalasi sikuloledwa, ndipo ndinamvera lamulo limenelo. Koma m'mawa uliwonse ana asanafike ndinkayenda m'kalasi mopanda anthu, kudutsa pa mpando uliwonse, kupempherera mwini wake chamumtima. Mmishonale uja anafika ndi mapewa m'mwamba anatsala ndi ulaliki umodzi wokha, khalidwe lake.

Musaganize kuti kalasi inasanduka ya angelo. Phokoso linalipo mpaka tsiku lomaliza, ndipo masiku ena ndinkabwerera kunyumba mutu ukuwawa. Koma chakumapeto kwa chaka, mnyamata uja anayamba kubwera m'kalasi mwanga nthawi ya nkhomaliro. Poyamba ankangogona, ine osamudzutsa. Kenako tsiku lina anakoka mpando n'kufunsa za ma fraction. Mutu anali nawo, tulo ndi timene analibe. Mu Ogasiti 2008 zotsatira za GCSE zitatuluka, anapeza C pa masamu, imene inamukwanira kukayamba maphunziro a zamagetsi ku koleji. Anandipeza pa khonde la sukulu, anatambasula dzanja, mkono womwe uja, iye mwini, n'kunena kuti, "Cheers, sir." Mawu awiri okha. Pa ulemu wonse umene ndalandira m'moyo wanga, nkhuku zonse ndi mipando yonse ya pa maliro, palibe umene unandilemera ngati umenewo. Sindinamutsogolere kwa Yesu, ndisakunamizeni. Kumene ali lero sindikudziwa. Ndimamupempherabe.

Agogo aja anamwalira chaka chomwecho. Maliro awo anachitika patadutsa pafupifupi masabata atatu, monga zimakhalira kumeneko. Kunalibe siwa, kunalibe amayi ogona pa mphasa, kunalibe nkhuni kapena ufa wosonkha. Tinali anthu ochepa, mwambo wosakwana ola, aliyense akupukuta misozi mobisa. Ine ndinalephera kudzigwira, ndinalira Chimalawi, mokweza. Palibe anandiletsa. Mwana wawo anabwera kudzandigwira pa phewa n'kuthokoza. Mu 2009 ndinabwerera kuno kwathu, ngongole ya alamu nditabweza, ndipo pasanapite nthawi ndinayankha maitanidwe a ubusa. Galimoto sindinabwere nayo. Ndinabwera ndi chijasi cha munthu wakufa ndi mtima wina.

Ndiye inu ana anga atatu a Lamlungu lija, ndi ena nonse amene mapasipoti ali pansi pa pilo, kaya ndi ku UK, ku Joni kapena kwina kulikonse, sindikukuletsani. Pitani, Mulungu akutsogolereni. Koma dziwani kuti walira mvula walira matope. Udindo wanu, dzina lanu, ulemu wanu, zonsezo zimatsala pa bwalo la ndege. Kumeneko palibe akudziwa kuti ndinu mwana wa ndani. Musafulumire kuweruza eni dziko, chimene mukuchiona ngati mwano mwina ndi ulemu wawo, ndipo amene mukumuona ngati wozizira mu uzimu mwina ndi amene Mulungu wamukonzera kuti akudyetseni. Funsani malamulo a ntchito yanu musanayambe, makamaka ngati mukukagwira ndi ana kapena okalamba. Werengani Yeremiya 29, muone mmene Mulungu anauzira anthu ake ali ku ukapolo kuti afunire zabwino mzinda wa eni ndi kuupempherera. Danieli naye anaphunzira chiyankhulo ndi nzeru za ku Babulo osataya Mulungu wake. Ndipo chonde, musajambulitse pa galimoto ya eni. Zikavuta nenani kuti zavuta.

Inu amene muli ndi abale kunja, sabata ino muwaimbire foni yopanda pempho. Mungowafunsa kuti mwadya chiyani lero, mukugona bwanji, mumapemphera kuti. Mudzadabwa zimene mudzamve. Ena mwa iwo akumwetulira pa zithunzi koma akugona ndi jekete.

Ndipo inu makolo, aphunzitsi, akulu a mpingo, ndi azibusa anzanga, ulemu umene anthu amatipatsa kuno ndi wokoma, koma ukhoza kutibisira matenda athu. Anthu akamatigwadira timaganiza kuti timawakonda, pamene timangokonda kugwadiridwa. Ine Mulungu anachita kunditengera kutsidya kwa nyanja, kundivula zonse, kuti ndione zimenezi. Inu musadikire tikiti ya ndege. M'nyumba mwanu muli mwana amene munamulakwira, mukudziwa, ndipo munangomugulira Fanta. Mumpingo muno muli wachinyamata amene amagona nthawi ya ulaliki, ndipo palibe anamufunsapo chifukwa chake. Ine ndayamba ndi ana anga omwe, ndipo koyamba anandiyang'ana ngati ndadwala.

Tipemphere. Atate, kumbukirani ana athu onse amene ali m'mayiko a eni usiku uno, amene akuzizidwa, amene akusowa wowayankhula, amene ntchito zawo zili pa chiopsezo. Atumizireni munthu, monga munanditumizira ine agogo aja. Ndipo ife otsala mutichotsere kunyada kumene kumabisala m'maudindo athu. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.

Ngati muli kunja ndipo mukudutsa m'zimene ndafotokozazi, ndilembereni ku inbox, simuli nokha. Ngati muli ndi m'bale kunja, mutumizireni umboni uwu. Lachisanu pa mapemphero a usiku tidzakhala ndi nthawi yapadera yopempherera onse a paulendo, bwerani ndi mayina awo. Ambuye akudalitseni nonse.